Malaya Oyera a Apongozi Anga Ndinawasandutsa Achikasu

Inu owerenga, ine ndinaipitsa mbiri ya munthu wamkulu ndi chala chimodzi chokha, ndipo mpaka lero ndikakumbuka ndimadzikwiyira. Munthuyo ndi apongozi anga, bambo a mkazi wanga. Sanandilakwire kanthu. Iwo anangovomera kuti ndiwajambule, basi.

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi pa sekondale ina pa Dowa Boma, ndipo dziko linali kalikiliki kukonzekera chisankho chachitatu chiyambireni matipate. Achimwene anga a ku Joni ananditumizira kamera yosalira filimu, ija umati ukajambula, chithunzi n'kuonekera pompo pa kagalasi kakumbuyo. Kusukulu kwathu kunali kompyuta imodzi, ndipo mnzanga wina anaikamo pulogalamu yokonzera zithunzi. Ndinapenga nayo. Ana akaweruka, ine ndinkatsala mu ofesi kuwalitsa nkhope zimene zada ndi mthunzi, kufufuta mawaya a magetsi odutsa pamwamba pa tchalitchi, kudula m'mbali mwa chithunzi kuti munthu akhale pakati. Ndinkadzimva ukatswiri, chonsecho panalibe anandiphunzitsa.

Pa tchuthi cha Pasaka tinapita kwawo kwa mkazi wanga, kupitirira Msakambewa, kumene mapiri a Ntchisi amaonekera pafupi. Apongozi anga anali mlimi wa fodya, komanso wapampando wa komiti ya m'mudzi ya chipani chimene anthu ambiri kumeneko anachikonda kuyambira kale. Chipanicho anachigwirira ntchito moyo wawo wonse. Nditawapempha kuti ndiwajambule, anakasamba, n'kuvala malaya awo oyera a kutchalitchi, n'kuima patsogolo pa chigafa chodzaza ndi fodya.

Tsiku limenelo kunali mitambo, choncho chithunzi chinatuluka chotuwa, chopanda moyo. Nditabwerera ku Dowa ndinachiika pa kompyuta, ndipo ndinayamba kukoka kamzere kowonjezera mtundu wachikasu kuti pazioneka ngati panawala dzuwa. Fodya uja anakongola ngati golide. Ndinakokanso. Malaya nawo anasanduka achikasu. Musaganize kuti sindinaone, ndinaona ndithu, koma ndinati akugwirizana bwino ndi fodyayo. Mphunzitsi wathunthu, wowerenga nyuzipepala tsiku ndi tsiku, osakumbuka kuti chikasu chinali mtundu wa chipani chimene apongozi anga ankalimbana nacho!

Kompyuta inandifunsa ngati ndikufunadi kuti chithunzi chatsopanocho chilowe m'malo mwa choyamba. Ndinavomera osawerenga n'komwe bwinobwino. Sabata yomweyo ndinafufutanso zonse za m'kamera kuti ndipeze malo ojambulira masewera a ana asukulu. Kenaka ndinakatsukitsa chithunzicho ku Lilongwe, chachikulu, n'kuchiika mu felemu. Ndinachikulunga n'kupatsira munthu wopita kumudziko, mkazi wanga osamuonetsa, ati ndikufuna akachipeze chili pakhoma adabwe.

Apongozi aamunawo maso anali atayamba kuchita ng'ala, moti sanaone chachilendo. Apongozi aakazi anaona, koma anangoti mwina ndi mmene makamera amakono amatulutsira. Anachipachika pabalaza. Woyamba kuchiyang'anitsitsa anali a Mbewe, mlembi wa komiti ija. Akuti anamwa thobwa lawo n'kutsanzika. Pofika Lamlungu mudzi wonse unali utamva kuti wapampando walowa chipani china mobisa, walandira ndi malaya omwe, mpaka wajambulitsa. Anzawo a m'komiti anawauza kuti ayambe apuma. Anyamata a chipani chinacho podutsa pa lole yawo ankaimba nyimbo yowatchula dzina, kuwalandira. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri ankabisala m'nyumba ndi manyazi.

Uthenga utafika kwathu, mkazi wanga anandipeza ndikuchonga makope. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Bambo a Tadala, bambo anga mwawaveka chiyani?"

Loweruka lake tinapita. A komiti anasonkhana pakhonde, ndipo ine ndinayamba kufotokoza za mitambo, za kamzere, za fodya. Ndikulankhula choncho ndinkadzimva ndekha kuti zikumveka ngati bodza. A Mbewe anandidula. "Aphunzitsi, kamera imajambula chimene chilipo. Malaya oyera angasanduke bwanji achikasu osawanyika m'madzi? Tionetseni filimu yake, tiiyang'ane padzuwa."

Ndinati kamera imeneyi ilibe filimu. Anaseka. Ndinati choyambirira chinali m'kameramo koma ndinafufuta. Anasekanso kwambiri. Apongozi aakazi anatulutsa malaya oyera aja, anthuwo n'kunena kuti munthu akhoza kukhala ndi malaya awiri. Inu owerenga, palibe chotopetsa ngati kunena zoona pamene umboni wake unautaya ndi dzanja lako lomwe.

Apa ndinalakwitsanso kachiwiri. Ndinaitana a Mbewe ndi mkulu wina kuti abwere ku Dowa adzaone okha. Anabweradi. Ndinawajambula a Mbewe atavala chipewa chawo chakuda, n'kuika chithunzicho pa kompyuta. Iwo akuyang'ana, ndinasandutsa chipewacho kukhala chachikasu. Ndinkayembekeza kuti aseka n'kupepesa. Munthu uja anadzambatuka pampando, n'kuvula chipewa kuchiyang'ana, n'kukuwa kuti ndizimitse msanga. Ndinafufuta iwo akuona, koma sanakhulupirire kuti chapitadi. Atabwerera kumudzi anakanena kuti mkamwini wa wapampando ndiye wa chipani chinacho, ali ndi makina olowetsera anthu m'chipani iwo asakudziwa, ndipo nkhalambayo ikumusunga m'banja. Nkhani imene ndinkafuna kuizimitsa inayaka kuposa kale. Anthu ena mpaka ankaphimba kumaso ndikamadutsa ndi chikwama, ngakhale mukhale mabuku okhaokha.

Chisankho chinabwera n'kupita. Anthu anayambanso kuwapatsa moni apongozi anga, koma pampando paja sanabwererepo. Anaikapo a Mbewe. Chimene chimandiwawa n'chakuti mkuluyo sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi. Nditagwada kupepesa, anangoti, "Zachitika, aphunzitsi. Koma makina anuwo muziwasiya ku Dowa mukamabwera kuno." Kuyambira pamenepo sanalolenso kujambulidwa ndi wina aliyense, ngakhale pa ukwati wa mwana wawo wotsiriza. Atamwalira, banja linasowa chithunzi choika pa mwambo wa maliro, chifukwa chithunzi chokhacho chimene chinalipo, chachikasu chija, palibe akanalimba mtima kuchitulutsa.

Ndiye inu amene mwagwira kamera ndipo zala zikukuyabwani kuti muyese izi ndi izo, mverani ine. Kuyesa sikolakwika, ndi mmene munthu amaphunzirira, koma yeserani pa mitengo, pa mapiri, pa mbuzi za kwanu. Chithunzi choyambirira musachikhudze. Chisungeni pachokha, muzisewera ndi kope lake, ndipo musafufute za m'kamera musanatsimikize kuti mwasunga kwina. Kompyuta ikakufunsani funso, werengani musanavomere. Mukasintha kanthu pa munthu, kaya ndi khungu, kaya ndi chovala, muonetseni mwini wake kapena wa m'nyumba mwake chithunzicho chisanatuluke pakhomo. Mkazi wanga akanangochiona kamodzi, akanandiletsa nthawi yomweyo.

Ndipo musanakoke kamzere kalikonse, dzifunseni kuti chithunzicho chikakhala pakhoma la ndani, ndipo amene akachione akawerengapo chiyani. Inu mumaona mitundu yokongola, anzanu amaona mbali imene munthu waima. Ana anga lero amandifunsa kuti agogo awo ankaoneka bwanji, ndipo ine, amene ndinali ndi kamera yabwino kuposa aliyense m'dera lonselo, ndimangowafotokozera pakamwa.