Katondo ndi Mzere wa Phulusa

Loweruka lapitali galu wathu anatichititsa manyazi pamaso pa anthu ku Balaka, koma ine ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Amuna anga, bambo a Rozina, mpaka lero akuti sakumvetsa kuti zinthu ziwirizi zingayendere limodzi bwanji. Mwina inu owerenga mumvetsa.

Linali tsiku la chionetsero cha zaulimi. Pamwamba pa chimanga, thonje ndi mbuzi zimene timazionera chaka ndi chaka, mzungu wina wa ku esiteti anabweretsa chachilendo: mpikisano wa agalu omvera. Uthenga unali utafika m'midzi kale kuti akatha kuonetsa agalu ake, adzapereka mpata kwa agalu athu, ndipo wopambana adzalandira bulangete.

Bambo a Rozina amagwira ntchito ya panjanji, ndipo pamwezi amagona pakhomo masiku owerengeka. Uthengawu unawapeza ali pa tchuthi. Anabwera ndi kachikwapu ndi mawu atatu a Chingerezi amene anatola kwa kuki wa mzunguyo: siti, sitei, kamu hiya. Kwa milungu iwiri, madzulo aliwonse, galu wathu Katondo anali pasukulu kuseri kwa khola. Ndi galu wamutu wabwino. Anagwira zonse, ngakhale kuti mchira unkakhala pakati pa miyendo.

Koma kuti nkhaniyi imveke, ndibwerere m'mbuyo miyezi itatu.

Tinamanga moyandikana ndi Che Saidi, amene amakatenga milamba youma ku nyanja ya Chiuta pa njinga n'kumadzagulitsa ku Balaka. Akazi awo, Abiti Musa, ndi amene anandigwira tsiku limene ndinkabereka Rozina. Iwo ndi Asilamu, ife ndi Akatolika, ndipo moto ndi mchere timapemphana popanda kufunsa za Lachisanu kapena Lamulungu.

M'nyengo yachisanu Katondo anayamba khalidwe. Ankapita kuseri kwa nyumba yawo n'kukamwa madzi mu ndowa imene amasambira asanaswali. Kwa ife galu akamwa mu ndowa timangomukuwiza, n'kutaya madziwo. Kwa iwo chiwiya chimene galu wanyambita chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Tsono inu a kuno mukudziwa kutalika kwa chitsime m'chilimwe. Kutsuka ndowa kasanu ndi kawiri ndi ulendo wina wathunthu, mtsuko uli pamutu.

Abiti Musa anapirira kawiri. Kachitatu anabwera Che Saidi. Anakhala pakhonde, anafunsa za moyo wa mwana, kenaka ananena mofatsa kuti galuyo samuda, n'cholengedwa cha Mulungu, koma khosi la akazi awo si lachitsulo. Galu achoke.

Ine galuyo ndimamufuna. Mkazi wokhala yekha ndi mwana wosayenda, anyani akutsika kumunda, afisi akuzungulira khola la mbuzi, angatani popanda galu? Komanso mnansi wonga Abiti Musa sagulidwa pamsika. Ndinawapempha kuti andipatse nthawi ndimuphunzitse malire.

"Mayi a Rozina, galu alibe malire," anatero Che Saidi. "Koma yesani. Mvula yoyamba ikagwa ine ndisanakhutire, mumupezere kwina."

Ndinalibe buku lophunzitsira galu. Ndinali ndi phulusa.

M'mawa uliwonse ndikatha kusesa ndinkatapa phulusa pamafuwa n'kuthira mzere, kuyambira pa mtengo wa msangu mpaka pa nkhokwe, pamene bwalo lathu limathera. Kenaka ndinkamumanga Katondo chingwe, Rozina ali kumsana, n'kumayenda naye m'mbali mwa mzerewo. Phazi likayandikira phulusa ndinkati "iyayi," osakweza mawu, n'kukoka chingwe pang'ono. Akabwerera yekha ndinkamupatsa kachidutswa ka chinangwa chootcha. Basi. Sitinkachedwa, nthawi yake inali yongokwanira kuti madzi afunde pamoto, chifukwa galu ali ngati mwana: ukamutopetsa amaiwala ndi zadzulo zomwe.

Mlungu woyamba unapita pachabe. Wachiwiri nkhuku zinkapalasa mzere wanga ndisanayambe n'komwe. Wachitatu anayamba kuima yekha n'kundiyang'ana, kudikira chinangwa. Pamenepo Abiti Musa, amene ankaonerera akusenda nandolo, anayamba kundithandiza. Ankaponya mutu wa mlamba mbali yawo ya mzere, pafupi ndithu. Katondo ankalira, malovu akuchucha, ndipo kangapo konse anadumpha. Akadumpha sindinkamumenya. Ndinkamubweza, n'kuyambanso. Akapirira, mutu womwewo ndinkakautola ine n'kumupatsira mbali yathu. Anadziwa kuti zabwino zimabwera kwa wodikira. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwezi wachitatu chingwe ndinachisiya. Ndowa ya Abiti Musa inakhala pamtendere. Koma Che Saidi, amene masiku ambiri amakhala paulendo, sanakhutire. Ankati galuyo akuopa maso anga, ndipo tsiku limene ndidzapite kuchigayo kapena kumaliro adzabwerera ku zake.

Pano ndivomere cholakwa changa. Bambo a Rozina sindinawauze chilichonse. Ndi munthu wabwino koma wamtima wapachala, ndipo ndinkadziwa kuti akamva, kaya galu adzalawa chikwapu, kaya Che Saidi adzamva mawu osabwezeka. Ataona mzere uja anafunsa ngati ndikutchinga linthumbu. Ndinangoti phulusa limathandiza zambiri. Silinali bodza, koma sichinalinso chilungamo chonse.

Tsono tibwerere ku Balaka.

Agalu a mzunguyo anachita zodabwitsa. Wina anagona pafupi ndi nyama osaikhudza mpaka mluzu utalira. Kenaka mzunguyo anaitana athu. Analipo asanu ndi mmodzi, ndipo awiri anayamba kulumana asanafike n'komwe pabwalo. Mayeso anali atatu: kuyenda pambali pa mwini popanda chingwe, kukhala pansi mwini akuchoka, ndi kubwera ukaitanidwa.

Loyamba Katondo anakhoza. Lachiwiri anakhoza. Anakhala phee, bambo a Rozina akuyenda kupita tsidya lina la bwalo, chifuwa chili patsogolo ngati msilikali. Ine ndinali kutali, kumbuyo kwa amayi ogulitsa thobwa, ndikuyamwitsa. Ndili pomwepo m'pamene ndinaona chimene sindinachione poyamba. Pakati pa bwalo, pakati pa galu ndi mwini wake, anali atajambula mzere woyera wa njereza.

"Kamu hiya!" anakuwa bambo a Rozina.

Katondo ananyamuka ndi liwiro. Atafika pa mzere anaima mwadzidzidzi mpaka fumbi kuti kobo. Ananunkhiza. Anayang'ana mbuye wake. Kenaka anagona pansi, mphuno itatsala pang'ono kukhudza njereza.

Bambo a Rozina anamuitananso. Anaimba likhweru. Anasiya Chingerezi n'kumuitana m'Chinyanja, ndipo mawu ena amene anatuluka sindingawalembe muno. Galu anangolira chamumtima, kugwedeza mchira, osasuntha. Anthu anafa nacho chiseko. Wina anakuwa kuti galuyo akudikira chiphaso cha ulendo. Wina anati amufunse ngati msonkho anakhoma. Mzunguyo anapukusa mutu n'kulemba m'kabuku kake.

Bulangete linapita kwa galu wa kalaliki wina wa pamsika wa thonje. Galu ameneyo anachita zonse mosaphonya, akunjenjemera. A m'mudzi mwake amati mwini wake akangokwera njinga, amayi amathamanga kukatsekera abakha kuopa galuyo.

Tikutuluka, tinamva kuitana. Anali Che Saidi, ataima pambali pa njinga yawo ndi dengu la milamba. Anali ataona zonse.

"Achimwene, musamukwiyire galuyu," anatero. "Mwini wake akumuitana, amake Rozina ali kutali osamuona, anthu akukuwa, iye osadumpha. Bulangete mwaluza, koma galu mwasunga."

Bambo a Rozina anafunsa kuti amusunga bwanji galu amene sanatayike. Che Saidi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Nkhani yonse ndinaifotokoza panjira, kuchokera pa siteshoni mpaka pa mphambano ya ku Ulongwe. Nditamaliza, bambo a Rozina anangoti ndikanawauza, akanamuitanira galuyo mbali yopanda mzere. Pamenepo ananena zoona.

Chiyambire Loweruka ndakhala ndikudzifunsa: kodi pabwalo paja galu womvera anali uti?

Sindikunyoza mpikisano. Ndi chinthu chokoma kuona nyama ndi munthu akumvana, ndipo mzunguyo agalu ake amawadziwa. Koma mpikisano umayesa chimene galu amachita mwini wake ali pomwepo, anthu akuyang'ana. Pakhomo timafuna zina. Timafuna kudziwa chimene galu amachita ife titapita kumadzi.

Ndipo nkhaniyi si ya agalu okha.

Yendani pa msewu wa ku Kalembo muone minda ya m'mbali mwa msewu. Mizere yake ndi yopingasa bwinobwino, monga momwe alangizi amanenera, kuti mvula isakokolole nthaka. Ndiye lowani mkati, kumene njinga ya mlangizi sifika. Mupeza mizere ikutsetsereka ndi phiri monga kale. Mlimi ndi yemweyo, khasu ndi lomwelo. Anauzidwa kuti akapanda kutero alipitsidwa, koma palibe amene anakhala naye pansi mvula itagwa n'kumuonetsa kumene nthaka yake ikupita. Anaphunzira kuopa njinga. Za nthaka sanaphunzire.

Ine sukulu ndinalekeza pa pulayimale, koma ndikukumbukira mlungu umene woyendera sukulu ankabwera. Tinkaloweza mayankho ngati nyimbo, bango la aphunzitsi lili pa tebulo. Mlendoyo ankachoka atasangalala. Mundifunse lero mayankho aja, ndikupatsani awiri kapena atatu. Koma kusoka chigamba, kumene mayi wina wa ku mishoni anandiphunzitsa pang'onopang'ono, akumasula ulusi ndikalakwitsa popanda kundizazira, manja anga akuchita okha mpaka lero.

Ana athu nawo timawalera chimodzimodzi. Mlendo akabwera, mwana agwade, alandire ndi manja awiri, asayang'ane mbale. Akaphonya, khofi. Mlendo akachoka, zatha. Kenaka timadabwa kuti mwana waulemu chonchi waba bwanji nzimbe m'dimba la eni. Kodi tinamuphunzitsa kuti za eni n'za eni, kapena tinamuphunzitsa kuonetsetsa amene akumuyang'ana?

Chikwapu chimafulumira, ndivomereze. Zimene bambo a Rozina anaphunzitsa pa milungu iwiri ine zikananditengera mwezi. Ndipo munthu amene amagona pakhomo masiku anayi pamwezi alibe miyezi itatu yoyenda ndi galu m'mbali mwa phulusa. Sindiwaweruza. Ndikungonena zimene ndinaona: maphunziro awiriwa atakumana pa mzere umodzi, lina linayenera kugonja, ndipo linagonja ndi lachikwapu.

Ena m'mudzi muno amati galu wabwino ndi wolusa, ndipo amamusakanizira mavu osinja ndi tsabola m'chakudya kuti akhale waukali. Galu wotere amaluma mbala, inde, koma amalumanso mwana wa mlamu wako. Ine ndikufuna galu wodziwa pamene pathera pathu.

Komabe ndisadzitame msanga. Che Saidi akhutira, ndipo dzana Abiti Musa anandibweretsera mitu ya milamba yodzaza kambale, akuti ndi malipiro a mwana wa sukulu. Koma mitambo yayamba kusonkhana cha ku mapiri. Mvula ikagwa, phulusa langa lipita tsiku lomwelo, ndipo sindingamathire mzere m'matope mpaka dzinja litatha. Mayeso enieni ndi amenewo, ndipo sipadzakhala bulangete kapena mzungu wa kabuku.

Choncho ndayamba kuuchotsa ndekha mzerewo. Lolemba ndinasiya dala mpata wa phazi limodzi wopanda phulusa, pafupi ndi nkhokwe. Lachiwiri ndinasiya mapazi atatu. Lero m'mawa ndinasiya mpata woti ngolo ingadutse, ndinalowa m'nyumba n'kumasuzumira pa chitseko.

Katondo anafika pampatapo. Ananunkhiza dothi lopanda kanthu. Tsidya linalo ndowa inali poyera, yodzaza madzi. Anaima nthawi yaitali ndithu, phazi limodzi lili m'mwamba. Kenaka anabwerera n'kukagona pansi pa msangu.

Mawa ndikulitsanso mpatawo. Nanga inu, mizere imene munajambulira ana anu, mvula ikaikokolola ndipo inu muli kutali, adzaima pati?