Mphini za Amayi

Ku yunivesite ku Zomba tinkadziona ngati akatswiri a kukongola. M'chipinda mwathu tinkabwerekana mafuta oyeretsa khungu, nkhope n'kumayera mbuu, khosi ndi zala zili bii. Ife tinkati kutsogola n'kumeneko.

Amayi anga anali ndi mphini, mizere itatu patsaya lililonse, zimene anawatema ali namwali kwawo ku Ntchisi. Ankangodzola mafuta a nsatsi oyenga okha, koma khungu lawo linali see. Patchuthi chomaliza, tikusankha fodya m'chigafa, pakamwa pangapa panandilaka. Ndinati kumwambo wolandira digiri kumabwera anthu apamwamba, ndipo anzanga akadzaona mphinizo adzandiseka chaka chathunthu. Madzulo amayi anauza bambo kuti ngati mphinizo sizichoka, ku Zomba apite okha.

Kuchipatala cha mishoni ku Dowa kunkabwera dokotala wa matenda a pakhungu kamodzi pamwezi. Ambiri amene ankamudikira anali akhate, choncho anthu akwathu ankaliopa benchi lakelo, poti ukaonedwapo mudzi wonse umayamba kukutalikira. Tsiku lake litafika amayi analawirira, khadi la chipani, lofunika paliponse masiku amenewo, atalimanga pansonga ya chitenje, n'kuyenda wapansi mapiri onse aja. Bambo atandiuza kumene apita, ndinathamanga kuwatsatira.

Ndinawapeza atakhala pakati pa odwalawo, akugawana nawo mbatata yootcha, akucheza ngati ali pachitsime. Ndinachita manyazi osaneneka, koma ndinawanyadiranso. Dokotala, bambo wa imvi, anawagwira chibwano, n'kuwatembenuzira kowala, n'kufunsa ngati mphinizo zimawapweteka.

"Ine sizindipweteka," anatero amayi. "Zikupweteka mwana wangayu."

Dokotala ananena kuti mphini si matenda, sizichoka, ndipo amene anatema zimenezi anali ndi dzanja labwino. Kenako anandiyang'ana ine, n'kuloza mawanga akuda amene mafuta aja anayamba kundiwotcha m'masaya. Anati wodwala ndi uyu.

Ndinayembekeza kuti amayi andiseka, poti ine ndikanatero. Iwo anangoimirira, n'kupukuta benchi ndi chitenje chawo.

"Khala apa, mwana wanga. Ndakusungira malo."

Ku Zomba anapita, atadzola nsatsi zawo, mphini zikuwala. Pachithunzi cha tsikulo, amene wabisa tsaya ndi chipewa cha digiri ndine.