Khutu la Yotamu

Masiku amenewo ku Bundabunda mwana sankalowa sukulu ndi pepala losonyeza zaka zake. Ankamuuza kuti adutsitse dzanja lamanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu lakumanzere. Akalephera, ndiye kuti akadali wamng'ono.

Mwana wanga Yotamu anali atakula ndithu, koma dzanja lamanjalo linafota ndi matenda ali khanda. Tinkakhala awiriwiri, amake atabwerera kwawo ku Katete. Ine ndinali wogulitsa mbuzi, katswiri woimika yotsimphina mbali imene wogula sangaone mwendo. Choncho tsiku lokamulembetsa sukulu ndinamuveka jekete langa lalikulu, n'kumuphunzitsa kuima chammbali.

"Gwira khutu, iwe," anatero aphunzitsi.

Kadzanjako kanalekeza pachibwano. Ana anayamba kuseka.

Ndikanangonena zoona. Koma ine ndinaseka nawo, n'kugwira chigongono chake, kuchikankhira m'mwamba mpaka zala zitakhudza khutu. "Mwaona, ba ticha? Afika uyu! Ni ulesi chabe."

Yotamu sanalire. Aphunzitsi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati motsitsa mawu, "Batate, ngakhale na dzanja lamanzere nikanamulemba. Musiyeni mwana."

Mpaka lero ndikakumbukira, manyazi amandigwira.

Pobwerera ndinamuuza kuti akwere njinga. Iye anangoyamba kuyenda yekha kutsogolo, atagwira phewa. Ndinakankha njinga pambuyo pake ndikuwonjezera mtengo womunyengerera: maswiti, chitumbuwa, kenako nsapato zenizeni za ku Lusaka. Pamsika munthu akanyamuka mokwiya, ndinkadziwa kuti acheuka basi. Uyu tinakafika naye kunyumba osacheuka.