Dzimbiri la mfuti ya agogo

Mfuti ija inali yaitali kuposa ine, ya gogodela, yomwe agogo aamuna anawoloka nayo Ruo pochokera ku Mozambiki. Inkakhala kudenga, yokulunga m'chiguduli, m'nyumba yathu ya kumalayini a esiteti. Chaka chimene chiperoni chinakhalitsa, malume anabwera kuchokera ku Masambanjati n'kuitsitsa. Dzimbiri linali litaidya madonthomadontho ngati nthomba.

Amayi akapita kothyola tiyi, malume ankakhala nayo kuseri kwa nyumba. Ankadonthezera mafuta a makina osokera pachitsulo, kudikira kuti alowerere, kenako n'kumapala pang'onopang'ono ndi kakhobidi kofiira ka tambala. Dzimbiri linkatsalira pakansanza, koma kuda kwa chitsulocho osachoka. Mpaka lero ndikamva fungo la mafuta amenewo, zala zimandizizira.

"Iwe, usadzayerekeze kuikhudza ndi sandipepa," ankatero malume. "Kuda kumeneku ndiye ukalamba wake."

Amayi sankawakhulupirira. Malume anali atangochotsedwa ntchito ya ulonda, ndipo dzina la kapitawo amene anawachotsayo silinkachoka pakamwa pawo. Mfuti ikanangolira, tonse tikanathamangitsidwa m'nyumba ya kampani. Panopa ndili ndi ana anga, mantha amenewo ndimawadziwa. Akaweruka, amayi ankapisa m'matumba a jekete la malume kufufuza wonga.

"Achimwene, mfuti yogona mukuidzutsiranji?"

"Ndikungoisamala, mlongo."

Tsiku lina amayi analowetsa chala kukamwa kwa mfutiyo, chinatuluka ndi dothi la mavu. Anayang'ana kunja kwake kosalalako nthawi yaitali. "Wofuna kuwombera amayamba kutsuka m'kati," anatero. Apo ine, pakamwa posatseka, ndinawauza za bambo wa galimoto yoyera, wogula zinthu zamakedzana, amene ankabwera kudzaisisita, n'kumafunsa kuti idzakhala yokonzeka liti.

Lamulungu malume ali kumowa, amayi anaitengera kumtsinje pamodzi ndi mapoto. Anaikwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka inawala ngati sefuliya yatsopano. Ine ndinkathira madzi monyadira. Bambo uja atabwera anangoiyang'ana kamodzi, n'kubwerera m'galimoto.

Malume anakhala pansi, manja kumutu. "Mwaipha mfuti ya bambo!"

"Yakufa yomweyo, ikhala pakhomo pano," anatero amayi, akupachika mapoto.

Ine chomwe ndinkaona n'chakuti amayi amaliza tsiku limodzi ntchito yomwe malume anachedwa nayo nyengo yonse. Ndinakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa, kudikira kuti malume anene zikomo.