Dzuwa M'beseni la Amayi

Mwana wanga wabwera lero ndi timagalasi tapepala kuchokera ku kalabu yoonera nyenyezi ya kusukulu kwawo ku Goromonzi. Akuti n'toonera kadamsana akadzabweranso. Nditangotigwira, fungo la fodya wouma landibwerera m'mphuno.

Ndinali wamng'ono, papurazi ina kufupi ndi Guruve. Tsiku limenelo alendo a bwana anadzaza pakapinga atavala timagalasi totere, kudikira kuti dzuwa lide masana. Ife a kukomboni tinali m'shedi, tikusankha fodya. Foromani anaima pakhomo.

"Zakumwamba n'za alendo. Inu maso pafodya!"

Kuwala kutayamba kufooka, kunazizira mwadzidzidzi, nkhuku n'kumathamangira kukhola. Amayi anaika tsamba pansi, nanyamula beseni la madzi lomwe tinkasambamo m'manja. Anandikodola kuti ndiwatsatire.

"Mai, mukadutsa pano, mawa mumange katundu muchoke pakomboni," anatero foromani.

"Baba, dzuwali bwana analigula liti? Tapatukani."

Anapatukadi. Panja amayi anakhazika beseni pafumbi, tonse awiri tinagwada. M'madzimo dzuwa linali litatsala ngati chikhadabo, likunjenjemera. Kenako linazima, kunangotsala mphete yoyera, ndipo nyenyezi zinatuluka masanasana. Ndinamva mapazi a shedi yonse akubwera kumbuyo kwathu, kenako mpweya wa foromani, wonunkha chingambwe, pakhosi panga.

"Tasunthani pang'ono mai, nane ndioneko," ananong'ona.

Amayi sanatembenuke n'komwe.

"Maso pafodya, baba."