Tsiku Limene Mkulu wa Kampani Anauma Pagalasi

Tikuphunzira zamakompyuta ku yunivesite, Mzuzu isanakule chonchi, tinkadzazana m'kachipinda ka intaneti ku Chibavi kuti tionere msonkhano wa opanga mapulogalamu ukuchitika ku America.

Chaka china, mkulu wa kampani yomwe inakonza msonkhanowo atangoti atulutse foni yatsopano, netiweki inathawa. Munthu uja anauma pagalasi, kukamwa kuli yasa, dzanja lili m'thumba.

Mnzathu wina wa ku Nkhata Bay anaimirira pambali pa kompyuta, n'kuyamba kumuyankhulira: "Yewo chomene, abale! Foni iyi imagwira ngakhale m'zigwa za ku Lupaso!"

Tinaseka mpaka mwini malo anabwera kudzatichonderera kuti tichepetse phokoso. Foniyo tinaiona mawa lake.

Masiku ano ndimaonera misonkhanoyi kunyumba, netiweki osadula ngakhale pang'ono. Koma ndimaonera ndekha, ndipo anzanga aja ndimawasowa.