Singano Imodzi pa Nyimbo Imodzi

Nditafika ku Dublin ndinapeza chipinda ku Rathmines, m'nyumba yakale ya njerwa zofiira. Chipindacho chinali pansi penipeni, moti pa zenera ndinkangoona nsapato za anthu odutsa. Inali nthawi ya risesheni. Masitolo ena anali atatsekedwa, ndipo pa wailesi nkhani inali ya anthu ochotsedwa ntchito basi. Ine ndinabwera ndi sikolashipu kudzaphunzira zaulimi, mwana wa ku Ntchisi amene pulayimale yonse ndinaphunzira nditakhala pa njerwa. Chingerezi cha m'mabuku ndinkachidziwa, koma cha pakamwa chinkandichititsa manyazi. Munthu akandiuza kanthu ndinkangomwetulira n'kuvomera.

Eni nyumbayo anali mayi okalamba kwambiri amene ankakhala okha m'chipinda cha pamwamba. Zala zawo zinali zitapindika ndi nyamakazi. Lamlungu lina masana anandiitana kuti ndiwatsegulire botolo la jamu, ndipo nditatsegula anati, "Manja ako ndi amphamvu. Tabwera kuno, pali china chofuna kupukusa."

Anandilowetsa pabalaza n'kuvundukula bokosi lamatabwa. Inali galamafoni, makina akale oimba nyimbo ochita kupukusa ndi dzanja. Ndinali ndisanaionepo, ndinkangomva akuluakulu akuitchula. Pambali pake panali mbale za nyimbo zisanu ndi imodzi, zakuda, zolemera, iliyonse m'kathumba kake ka pepala.

"Awa ndi bambo anga," anatero mayiwo, akusisita mbale ya pamwamba.

Kuyambira tsikulo, Lamlungu lililonse 3 koloko ndinkakwera masitepe aja. Ine ndinkapukusa, iwo ankamvetsera n'kumafotokoza. Bambo awo anayamba kuimba lipenga ali mnyamata, m'nyumba ya kanema, nthawi imene zithunzi zinkayenda popanda mawu. Kenaka anasonkhanitsa anzawo asanu ndi mmodzi n'kupanga bandi ya jazi yoimba m'maholo a dansi. Ansembe ena ankalalikira kuti nyimbo zimenezo n'za Satana, koma mtsogoleri wa bandiyo sankajomba ku Misa, ngakhale atafika kunyumba mapazi atatupa. Nyengo ya Lenti madansi ankaletsedwa, ndiye bandi yonse inkakwera sitima yapamadzi kukaimba ku England. Kumeneko n'kumene anajambula mbalezo. Mayiwo ankati pojambula woimba ng'oma ankamukhazika kutali, pafupi ndi chitseko, kuti asasokoneze makina, ndipo anakwiya nazo mpaka kukalamba. Pambuyo pake anthu anayamba kukonda nyimbo zina, bandi inabalalika, bambowo n'kumalizira moyo wawo akuyenda m'makomo kukonza mapiyano.

Nyimbozo ndinazikonda msanga. Lipenga lija likamalira motsamwa linkandikumbutsa badza, lipenga la chipanda la pa mganda kwathu, anyamata atavala zoyera akuponda fumbi. Nditawauza mayiwo anandiumiriza kuti ndionetse mmene timapondera. Ndinakana mpaka thukuta.

Mbale zisanu zinali za zoimbira zokhazokha. Yachisanu ndi chimodzi inali ndi mawu a munthu. Woimba wa bandi anagwidwa chimfine pa sitima, ndiye bambowo anaimba okha ndime imodzi, ndi mawu opyapyala, onga a munthu amene akupepesa. Mawu awo sanatsale pena paliponse padziko, koma m'mbale imeneyo. Tinkaiika pomalizira, ndipo ikamalira mayiwo sankakhudza tiyi wawo.

Lamulo linali limodzi. Panali tizitini tiwiri, kena ka singano zatsopano, kena ka zakale. "Singano imodzi pa nyimbo imodzi," anandiuza tsiku loyamba. "Ikatha nyimbo, chotsa, ponya umu." Ndinavomera. Chifukwa chake sindinafunse.

Koma mtima unkandipweteka. Kwathu amayi anali ndi singano imodzi yosokera imene ankaibaya pa kalendala ya tchalitchi, ndipo inasoka mayunifomu athu tonse asanu. Bambo ankawongola misomali yakale pa mwala. Ndiye pano chitsulo chonyezimira chigwire ntchito mphindi zitatu zokha n'kutayidwa? Tsiku lina mayiwo anadandaula kuti sitolo imene ankagulako singano yatsekedwa ngati ena aja, ndipo sakudziwa kuti adzazipeza kuti. Ndinasuzumira m'kachitini ka zatsopano, zinali zitatsala zochepa. Iwo atapita kukhitchini ndinatenga yakale imodzi n'kuiyesa pa chala. Inandibaya bwinobwino. Ndinadziuza kuti azungu sadziwa kusamala zinthu. Ndinapukuta singano zakale pa thalauza n'kuzithira m'kachitini ka zatsopano. Ndinkayembekeza tsiku limene adzadabwe kuti singano sizikutha, ine n'kuulula, iwo n'kundiyamika.

Ndinachita zimenezo pafupifupi miyezi iwiri. Pang'ono ndi pang'ono nyimbo zinayamba kumveka ngati zikuimbidwa m'nyumba ya malata mvula ikugwa. Mbale ya mawu ija ndiyo inaipa kwambiri, poti masiku ena tinkaibwereza kawiri kapena katatu. Lamlungu lina mayiwo anasendeza mpando pafupi ndi galamafoni, anapendeketsa mutu, kenaka anati, "Makutu anga akutha, mwana wanga. Sindikuwamvanso bwino bambo. Ndipita kwa dokotala." Ananena mofatsa, ndipo anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

Ine ndinaganiza kuti makinawo ndi amene akalamba. Ku tchalitchi kwathu ku Mulhuddart kunali achimwene ena a ku Zambia amene ankayang'anira zokuzira mawu. Kampani imene ankagwirako inali itawapumitsa, choncho nthawi anali nayo. Ndinawapempha kuti adzaone, ndipo anabwera Lamlungu lotsatira ndi chikwama cha zida. Anapatsa moni mayiwo mwaulemu, anamvetsera theka la nyimbo, n'kuimitsa. Anadutsitsa chala pa mbale, chalacho n'kutuwa. Kenaka anachotsa singano n'kuiyang'ana pa galasi lokuzira zinthu.

"Iwe mufana," anatero m'Chinyanja chawo, osakweza mawu, "iyi singano ni yakudala. Wazifaka ndani muno?"

"Ndine, achimwene. Ndimati tisawononge."

"Usawononge chani? Ona apa, yasila mbali imodzi monga chezulo. Ikuluma mbale iyi. Fumbi iyi pa chala panga ni nyimbo, mwana." Anapukusa mutu akumwetulirabe kuti mayiwo asadziwe. "Imwe a Malawi, ngakhale tibagi mumayanika pa waya."

Sindinaseke. Ndinafunsa ngati ingakonzeke, iwo anati chimene chapalidwa chapalidwa. "Manje uzakamba wekha, olo nikambe ine? Ningakambe kuti ni mashini, bazakhulupilila."

Mayiwo ankatiyang'ana, maso uku ndi uku. "Anyamata inu mukukamba za ine," anatero. "Ndauzeni, ndi galamafoni kapena ndine?"

Ndinadzipeza nditanjuta pambali pa mpando wawo, manja pamodzi, mmene tinkachitira kwathu polankhula ndi akulu. Ndinafotokoza zonse ndi Chingerezi chodukaduka, za sitolo yotsekedwa, za singano zimene ndinkabweza. Ndinati ndimafuna kuwathandiza. Ndinati pepani kangapo konse.

Mayiwo anayang'ana mbale ija. Kenaka anafunsa, "Ndiye kuti makutu anga ali bwino?"

"Ali bwino, mayi," anayankha achimwene aja.

"Chabwino. Dzuka pansipo, sindine bishopu." Anatenga mbale ija n'kuibweza m'kathumba kake, osalola kuti ndiwathandize. "Pitani kaye. Ndikufuna kukhala ndekha."

Sabata imeneyo ndinkatuluka m'nyumba monyang'ama. Mawu akuti safunsa anadya phula ndinali nditawalemba m'mayeso a Chichewa kangapo, koma apa phulalo ndinali nditadyetsa munthu wina. Lamlungu 3 koloko inakwana, sindinakwere. Itadutsa pang'ono ndinamva ndodo ikugogoda pansi pawo, pamene panali padenga panga. Ndinathamanga.

"Ndakwiya nawe, ndipo ndikhala wokwiya mpaka Khirisimasi," anatero ndisanakhale n'komwe. "Koma wondipukusira wina ndilibe. Mnzako uja anati angathe kutsanulira nyimbozi mu kompyuta. Muuze abwere."

Achimwene aja anaitanitsa singano zatsopano pa intaneti, zinthu zimene ine sindinaziganizeko n'komwe. Zitafika anabwera ndi laputopu ndi maikolofoni ya ku tchalitchi. Anatiuza kuti tikhale chete ngati tili pa maliro. Basi ikadutsa mumsewu tinkadikira. Mbale ya mawu anati tiiike kamodzi kokha, chifukwa ulendo uliwonse imataya kenakake. Singano anaika mayiwo eni ake, zala zikuvutika, ine nditagwira chamutu cha galamafoni kuti chisagwedere. Ndinapukusa mosamala kuposa kale lonse.

Patatha masiku anayi achimwene aja anabweretsa sidi. Phokoso la mvula lija analichepetsa, koma silinathe. Pamzere wachitatu wa ndime ija mawu awiri anali atafufutika, ndipo sadzabweranso. Ena onse analipo. Mayiwo anamvetsera maso atatsinzina, ndipo pofika pamalo ofufutikawo anaimba okha mawu awiriwo, mosaphonya.

"Sakumveka ngati kale," anatero. "Koma ndi iwowo."

Anauza achimwene aja kuti ayambitsenso sidiyo kuchokera pa nyimbo yoyamba. Kenaka anandiyang'ana ine, amene ndinali nditaimirira pafupi ndi galamafoni mwachizolowezi, wopanda chochita.

"Iyi sifuna kupukusa. Manja ako ali ndi mpata tsopano. Chotsa tebulo ilo pakatipo."

Ndinachotsa. Anatsamiritsa ndodo yawo ku khoma, anaika dzanja langa lamanja pamsana pawo, n'kugwira lamanzere. "Mwana wa mtsogoleri wa bandi savina ndi mbuli, ndiye uphunzire msanga. Pang'onopang'ono kawiri, mofulumira kawiri. Usayang'ane pansi."

Ndinayang'ana pansi, ndipo ndinawaponda. Achimwene aja anaseka mpaka kugwira khoma. "Mufana, si munda uyu! Nyamula mendo!" Mayiwo anati chala chimenecho chinafa kalekale, ndisankhe china. Pofika nyimbo yachinayi ndinali nditawaponda katatu, koma tinali titazungulira pabalaza ponse osagunda kabati. Iwo anali wefuwefu, masaya atafiira, ndipo anakana kukhala pansi mpaka nyimboyo itatha.